Ndithandizeni nzeru: miyezi itatu ingakwane kukonzekera IELTS ndili kuno ku Senga Bay?

Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndine mnyamata wa zaka 27, ndimagwira ntchito ya uweyitala pa loji ina kuno ku Senga Bay, Salima. MSCE ndinalemba 2016, Chingerezi ndinapeza 6. Mlendo wina amene amabwera kuno chaka ndi chaka wandilumikizitsa ndi hotela ina yakunja, koma akuti ndiyambe ndabweretsa satifiketi ya mayeso a Chingerezi otchedwa IELTS General Training, giredi yake ikhale band 5, ndipo andipatsa miyezi itatu basi.

Poyamba sindinade nkhawa chifukwa Chizungu ndimalankhula daily, kulandira alendo, kutenga maoda, kufotokoza kusiyana kwa chambo ndi kampango, zonsezo sindivutika. Ndiye Lamulungu lapitali nditaweruka shifiti ya m'mawa ndinalowa mu sitolo momwe timasunga makireti, ndinakhala pa kireti, mahedifoni m'khutu, ndikuyesa Listening imodzi yomwe ndinapanga dawunilodi. Abale, 13 pa 40. Ndinawerenga katatu kuganiza kuti mwina ndalakwitsa kuchonga, koma ayi ndithu 13, pomwe band 5 imafuna pafupifupi 16.

Chomwe chandipweteka n'chakuti mayankho ambiri ndinawamva bwinobwino koma ndinawataya polemba. Mayi wa mu tepiyo ankatchula nambala ya foni, akuti double four, ine dzanja laima kaye kuganiza, pomwe ndimalemba iye ali kale pa funso lotsatira. Pena anati thirteen ine ndalemba 30. Pena yankho linali river ine ndalemba liver, nkhani yathu ija ya l ndi r, pakamwa mzungu amakumva bwino koma papepala ndi ziro. Komanso tepi imalira kamodzi kokha. Kuntchito kasitomala ndikapanda kumumva ndimangoti sorry sir, iye n'kubwereza, kwinaku akuloza pa menyu, kumeneko kulibe zimenezo, ukaphonya funso limodzi mutu umabalalika mpaka uphonyenso atatu otsatira.

Writing ndiye sindinayambe n'komwe. Akuti ola limodzi ulembe kalata ya mawu osachepera 150 ndi chimangirizo cha mawu 250. Ine chilembereni chimangirizo ndi ku Fomu 4, masiku ano chomwe ndimalemba ndi 2 chips 1 chambo pa kapepala ka oda.

Ndiye mafunso anga ndi awa. Amene munalembapo, kuchoka pa 13 kufika 16 kapena kupitirira m'miyezi itatu n'zotheka kwa munthu amene amapeza ola limodzi lokha patsiku? Ndimaweruka 10 usiku, kunyumba magetsi amazimazima ndipo bandulo ya mwezi sindingakwanitse kumaonera mavidiyo tsiku lililonse. Chachiwiri, ndilembe pa pepala kapena pa kompyuta? Kutayipa ndimatha pa foni pokha. Chachitatu, pali munthu wina wandipeza ku inbox akuti ndimupatse ndalama andipezere satifiketi osalemba mayeso, mtima wanga ukukana koma ndikufuna ndimve kwa inu. Ndalama yolembetsera ndakhala ndikusunga kuchokera ku matipu ndi ku banki m'khonde ya mayi anga, ndi yoti ndikalephera sindingaipezenso chaka chino, n'chifukwa chake ndabwera kuno.

Mayi wina wayankha:
Achimwene, wa ku inbox uja mublokeni lero lomwe. Satifiketi iliyonse ya IELTS ili ndi nambala yake ndipo olemba ntchito amatha kuitsimikiza pa intaneti, yabodza imagwidwa, ndalama yapita ndi ntchito yomwe. Komanso musanalipire kalikonse afunseni a hotelawo akulembereni kuti akufuna 5 ya overall (magawo onse pamodzi) kapena 5 pa gawo lililonse mwa anayi aja, Listening, Reading, Writing ndi Speaking, ndi zinthu ziwiri zosiyana. Afunseninso ngati visa ya dzikolo ikufuna mtundu wina wa mayesowa, monga ku UK kuli IELTS for UKVI.

Mphunzitsi wa Chingerezi wa ku Nkhotakota wayankha:
Mwana wanga, 13 pa ulendo woyamba usataye nayo mtima, anthu ambiri amagwa chifukwa sadziwa kapangidwe ka mayeso, osati chifukwa Chingerezi alibe. Wanena wekha kuti unamva koma unalephera kulemba, ndiye ntchito yako yagona pamenepo. Gula kope la masipelo okhaokha. Masiku a sabata, miyezi, manambala, mayina a misewu, mawu ngati accommodation, Wednesday, February, library, ndipo liwu lililonse lomwe walakwitsa ulilembe kasanu. Upeze mnzako azikutchulira manambala a foni ndi mayina chilembo chimodzichimodzi mwachangu iwe ukulemba, mphindi 10 patsiku zakwana, sizifuna bandulo. Tepi isanayambe amakupatsa kanthawi kowerenga mafunso, pamenepo uziyerekeza kuti pa mpata uwu pakufunika nambala, dzina kapena tsiku. Ndipo usasiye mpata wopanda yankho, sachotsa malikisi ukalakwa.

Koma ine chomwe ndikukuopera kwambiri ndi Reading, sunaitchule n'komwe. Ku General Training band 5 imafuna pafupifupi 23 pa 40, ndipo ola limodzi limatha ngati madzi. Yesa pepala limodzi sabata ino ndi wotchi pambali. Za Writing, yamba ndi chimangirizo chifukwa ndicho chili ndi malikisi ambiri kuposa kalata, uchipatse mphindi 40, kalata 20. Uzilemba ziwiri pa sabata ndipo upeze mphunzitsi wa sekondale pafupi nawe azikuchongera, munthu sudziona wekha pomwe galamala yakhota.

Wina wayankha:
Aise pa Speaking uli ndi mwayi kale iwe, ndi kucheza kwa mphindi 11 mpaka 14 ndi munthu mmodzi. Povuta ndi pomwe amakupatsa kakhadi, miniti imodzi yokonzekera kenako ulankhule wekha mpaka mphindi ziwiri osaima, uzidzijambula mawu pa foni n'kumadzimvera. Za bandulo, pempha wifi ya pa loji upange dawunilodi 6 Minute English ya BBC yambirimbiri, uzimvera poyenda. Ngati kiyibodi sunaizolowere funsa ku British Council ku Lilongwe ngati pa deti lomwe ukufuna pali ya pepala. Ndipo ukagone ku Lilongwe komweko dzulo lake, osadalira minibasi ya m'mawa kuchokera pa Kamuzu Road.

Mwini funso wayankha:
Zikomo kwambiri nonse, uja ndamubloka. Aphunzitsi, kope ndagula kale masana ano ndipo mnzanga wa ku kitchini wavomera kumanditchulira manambala tikamadikira maoda. Reading ndiyesa Lachitatu pa off yanga, ndidzabwera nazo zotsatira pompano. A hotela ndawalembera za overall zija, ndikudikira ayankhe. Ngati pali wina wa kuno ku Salima amene akukonzekeranso mayeso omwewa andipeze, tizikumana Lamulungu masana tiziyeserera Speaking limodzi.