Fly akudula outrun ya come bye, ndathedwa nzeru

aPhiri:
Akuluakulu ndithandizeni msanga, mutu waima. Fly, galu wanga wamkazi wokusa nkhosa, miyezi 26, wathamanga nursery (mipikisano ya agalu oyamba kumene) nyengo yozizira yapitayi kuno ku Powys, ku Wales, pano ndamulowetsa open (mipikisano ya agalu onse, ngakhale odziwa kale). Pa outrun, kuthamanga kozungulira kukatenga nkhosa kutali, away (kuzungulira chakumanja kwanga) alibe vuto, amatambasula bwino mpaka kumbuyo kwa nkhosa. Come bye (kuzungulira chakumanzere kwanga) ndiye manyazi. Pa post (pamtengo poima mwini galu) amanyamuka bwinobwino, akafika mayadi 200 kapena 250 mutu umakhotera mkati, basi wayamba kudula. Amakafikira paphewa pa nkhosa cha pa 10 koloko (ngati pa wotchi, 12 ndi kumbuyo kwenikweni kwa nkhosa) n'kugona pomwepo. Ndikaimba wezulo wa walk up (kuti aziyandikire) nkhosa zimanyamukira kumanja, fetch yonse (ulendo wozibweretsa kwa ine) n'kupindika ngati uta, mageti odutsitsamo nkhosa taphonya kawiri. Loweruka jaji wandidula 8 pa outrun, 4 pa lift (kunyamutsa nkhosa pamene zaima), 11 pa fetch. Mapointi 23 apita nkhosa zisanafike n'komwe pamapazi panga. Kunyumba pa mayadi 150 sachita zimenezi. Redirect (wezulo womutulutsanso kunja) ndayesa, amangogwedeza khutu osatuluka. Kwatsala masabata atatu kuti mpikisano wina ufike. Zoti ndigule galu wina musandiuze.

aChisale:
Bwererani pafupi achimwene. Mayadi 50. Galu amene akudula pa 250 amadulanso pa 50, kungoti pafupi nkhosa zimakukhululukirani, simuona. Mugonekeni, inu muyende mukaime pakati pa iye ndi nkhosa, mupendekere pang'ono mbali ya come bye, ndiye mumutumize. Phewa likangoyamba kugwera mkati, muyendereni molunjika, mawu okhwima kamodzi, atuluke. Akafika yekha pa 12 koloko kasanu motsatizana muonjezere mayadi 20, inunso mubwerere m'mbuyo pang'ono. Akalakwitsa kawiri chotsani mayadi 20 omwewo.

aNabanda:
Ndisanayankhe ndifunse aPhiri. Kunyumbako nkhosa amakuimikirani ndani kumtunda? Kumpikisano pamakhala munthu ndi galu wake, kapena thireyi ya chakudya, nthawi zina khola lotulutsira nkhosa lili chapafupi lodzaza. Galu wamng'ono amene anazolowera kupeza nkhosa zili zokha akaona munthu waima pamenepo amachita manyazi kudutsa kumbuyo kwake, ndiye amaima asanafike kapena kulowa pakati pa munthuyo ndi nkhosa. Funso lachiwiri, khola lotayira nkhosa zikatha linali mbali iti? Chifukwa 12 koloko si lamulo. Nkhosa zikamakokera kumanzere kwanu, galu woima pa 10 kapena 11 ndiye walondola. Koma mwati zinanyamukira kumanja, ndiye kuti anaimadi msanga.

aPhiri:
Kunyumba zimakhala zokha mayi, ndimangothira timapeleti pansi. Khola lotayira linali kumbuyo kwanga kumanja.

aNabanda:
Ndiye theka la yankho ndi limenelo. Nkhosa zimafuna kale kumanja, galu n'kudzaziimira kumanzere, wangozithandiza ulendo. Munda umenewo unafunika away. Muzifika m'mawa muone ma run (maulendo a agalu ena) asanu kapena asanu ndi umodzi musanasankhe mbali. Ndipo pezani munthu azikuimikirani nkhosa ndi galu wake kawiri pa sabata, aime chete osayang'ana Fly, osamulankhula.

aMwale:
Ine ndingoti mutumizeni away basi mpaka nyengo ithe. Palibe jaji amakufunsani chifukwa chake mwasankha kumanja, mbali mumasankha nokha. Come bye mukonze m'miyezi yopanda mipikisano.

aGondwe:
Ayi aMwale, imeneyo ndi ngongole. Pali minda ina kumanja kuli mbuna, kapena mpanda wa miyala wokhota umene umamutsogolera galu mkati, kapena khola lotulutsira lili komweko galu n'kukamatirira pa nkhosa zolakwika. Ndipo tsiku limene mudzafike pa double gather (kukatenga magulu awiri a nkhosa) mulibenso chosankha, gulu loyamba mbali ina, lachiwiri mbali ina pa look back (lamulo loti galu atembenuke akatenge gulu lina). Galu wa mbali imodzi amathera pomwepo.

Koma chenjezo langa lalikulu ndi la kutulutsa galu mopyola. Anthu akapsa mtima ndi galu wodula amamuthamangitsa ndi ndodo ndi mapepala apulasitiki mpaka amaphunzira kuthawa munthu, osati kuwerenga nkhosa. Zotsatira zake mumaona galu akutsata mpanda wa munda wonse, osatembenuza mutu ngakhale kamodzi kuyang'ana kumene nkhosa zili. Pamunda waukulu wopanda mpanda amapitirira mpaka kuseri kwa chitunda. Jaji amadulanso kutambasula kopyola, ndipo mphindi 15 zimene mumapatsidwa pa run zimadyeka. Galu wodula amakonzeka. Wothawa nkhosa kumubweza n'kovuta kwambiri. Outrun izioneka ngati peyala, kung'ono kuli kwa inu, kukulu kumbuyo kwa nkhosa. Ikakhala ngati bokosi, yotuluka chammbali kuchokera pa post, mwaonjeza.

aChisale:
N'chifukwa chake ndikuti pafupi. Pa mayadi 50 simufunika ndodo, thupi lanu likwanira. Pa 250 mulibe chomuuzira, mungokuwa.

aJere:
Nanga wezulo wanu ali bwanji aPhiri? Ambiri redirect amaimba mofanana ndi flank wamba (wezulo woti azungulire nkhosa), kafupi, ndiye galu amamva ngati mukumuuza kuti afulumire. Pa outrun muimbe stop kaye, aime ndithu miyendo inayi, muwerenge mumtima kufika pa 2, kenako come bye wautali wokoka. Akanyamuka poima mutu umatembenukira kunja. Mukamuimbira ali pa liwiro amangopitiriza mzere umene ali. Inde stop ndi redirect zimadya mapointi ochulukirapo kuposa redirect ya ali mkuthamanga, koma yerekezani ndi 23 mwatayawo. Nthawi yoimbira ndi pamene mutu wangokhota, osadikira kuti alowe. Mukachedwa n'kudutsa mzere wa pakati, wochokera kwa inu kukafika pa nkhosa, ndiye crossover, pa mapointi 20 a outrun pamatsala nyenyeswa.

aPhiri:
Stop pa mtunda umenewo amatenga mochedwa, mwina masitepe khumi.

aChisale:
Mwamva? Masitepe khumi. Ndiye kuti stop palibe. Galu amene saima pa 250 sanaphunzire kuima pa 100. Bwererani pafupi.

aJere:
Pang'ono aChisale, phokoso limatenga nthawi kuyenda. Pa mayadi 350 wezulo amafika patapita pafupifupi sekondi imodzi, galu ali pa liwiro wayenda kale masitepe angapo. Mphepo ikakhala yochokera kwa galu kubwera kwa inu ndiye zimaipiratu. Khumi ndi ambiri, koma atatu kapena anayi si mwano.

aChisale:
Iye wati khumi.

aTembo:
Pepani ndine watsopano pa zimenezi. Kolala yamagetsi ija singathandize pa stop ya kutali?

aGondwe:
Musayerekeze mwana wanga. Ku Wales kolala imeneyo ndi yoletsedwa ndi lamulo kuyambira 2010, mukhoza kukalowa m'khoti. Ngakhale kumene sanaletse, galu akamva kuwawa ali maso pa nkhosa amaganiza kuti nkhosazo ndi zimene zamuluma. Ena amasiyiratu ntchito, ena amayamba kuluma. Ndipo kuluma kumpikisano mukudziwa, jaji amangokuitanani kuti tulukani.

aNabanda:
Tibwerere kwa Fly. Zoti amagona pa 10 koloko zikundiuza za diso, kuyang'anitsitsa nkhosa kuja. Galu wa diso lambiri nkhosa zikangodzutsa mitu kumuyang'ana amakodwa, miyendo imalemera, amalowa mkati mokokedwa ngati nsomba pa mbedza. Ameneyu nkhosa zisanu zozolowera galu zimamuonjezera matenda. Mupatseni gulu lalikulu, 40 kapena 60, zomwazikana m'munda. Pamenepo alibe nkhope imodzi yoti aiyang'anitsitse, akakamizika kutambasula kuti azitenge zonse. Musamugoneke kumtunda, azingozungulira n'kunyamula ali chiimire. Muchepetsenso drive (kuyendetsa nkhosa kuchoka kwa inu) ndi shed (kupatula zina pagulu) masabata awiri, chifukwa ntchito zapafupi zimamanga diso.

Chinanso muone mmene mukumuimikira pa post. Wa come bye akhale kumanzere kwanu, sitepe imodzi kumbuyo kwa bondo, mphuno yoloza kunja pang'ono, osati kwa nkhosa. Poyenda kupita pa post muyende molunjika nkhosa kuti azione. Galu wotumizidwa asanaone nkhosa amathamanga mtunda umene anauzolowera kunyumba kenako n'kukhota kukazifuna. Mwati kunyumba ndi 150, iye akukhota pa 200. Sizinangochitika zimenezo.

aMwale:
Mfundo imeneyo ndi yoona. Galu amasunga muyeso wa munda wake m'mutu. Kuno ku Karoo, ku South Africa, vuto limakhala lotembenuza, agalu ozolowera malo aakulu akafika pamunda waung'ono amafuna kulumpha mpanda. Komanso nkhosa zimasiyana. Merino zimagwirana ngati phala, galu wodula zimamubisira cholakwa. Dorper zimamwazika, imodzi kuima kumuyang'ana galu. Zanu za kumapiri a ku Wales n'zopepuka, zimanyamuka galu akadali kutali, ndiye kumtunda asiye mpata waukulu kuposa umene angasiye pa Texel. Pemphani minda ya anzanu, itatu yosiyana, ngakhale kamodzi kamodzi.

Kunonso timaopa kutentha. Outrun zitatu zazitali motsatizana dzuwa lili pamutu, galu lilime limatambalala, miyendo yakumbuyo kuyamba kuphonya. Galu wotopa amadula, si mwano. Beseni la madzi likhale pafupi.

aChisale:
Minda itatu yosiyana, inde, koma pa mayadi 50 m'munda uliwonse. Mukapita naye kwa eni ake n'kukamutumiza 400 mwangomuphunzitsa kudula m'minda itatu.

aJere:
AChisale masabata ndi atatu. Mayadi 20 pa tsiku kuchokera pa 50, masiku ena obwerera m'mbuyo, afika liti pa 400?

aChisale:
Ndiye asapite. Mpikisano sutha chaka chino. Kuyambira pa mpikisano wa ku Bala, ku Wales, mu 1873 anthu akupikisanabe. Run iliyonse imene galu wadula n'kupatsidwa nkhosa, mwamulipira chifukwa chodula. Kunyumba akadula musamulole kunyamula, muitaneni abwere, muyambirenso pafupi.

aGondwe:
Apo pokha ndikutsutsani. Kumuitana galu wamng'ono pakati pa outrun kawirikawiri kumabala galu woyang'ana m'mbuyo. Amathamanga mayadi 100 n'kutembenuka kufunsa ngati apitirize, ndipo kutembenuka kulikonse jaji amalemba. Bwino kumugoneka pomwe walakwirapo, inu muyende mpaka mufike pakati, mumutulutse, amalize ntchito. Kuyendako n'kotopetsa koma ndiye mankhwala ake. Amene ali ndi quad (njinga yamoto ya matayala anayi) amafika msanga, kungoti nkhosa zozolowera kudyetsedwa pa quad zimathamangira injini, zonse n'kusokonekera.

Ndipo musabwereze koposa kanayi kapena kasanu pa tsiku. Nkhosa nazonso zimaphunzira. Ulendo wachitatu zimayamba kuthamangira kwa inu galu asanafike, galu n'kuona kuti kuzungulira mpaka kumbuyo n'kutaya nthawi. Nkhosa zoterozo ndi zimene zimapanga agalu odula ambiri. Sinthani gulu, ndipo za bere lalikulu musazigwiritse ntchito.

aNabanda:
Palibe watchula thupi. Poti vuto lili mbali imodzi, mugwireni mapazi. Yang'anani pakati pa zala, chikhadabo chosweka, minga, kenako phewa ndi msana. Pa come bye galu amakhotera kumanja ulendo wonse, mwendo umodzi ukamapweteka amafupikitsa njira. Muthamangitseni pabwalo popanda nkhosa mbali zonse ziwiri wina ajambule pafoni, muonere pang'onopang'ono. Makutunso. Mtundu wa Border Collie uli ndi kugontha kobwera galu atakula kale, ngakhale miyezi 26 ndi msanga. Khutu limodzi likafooka galu amamva wezulo koma sadziwa kumene wachokera.

aTembo:
Funso lapambali akuluakulu, poti mwatchula shed. Pa nkhosa zisanu zija, ziwiri zovala kolala, timapatula ziti?

aJere:
Pa malamulo a ISDS (bungwe la International Sheep Dog Society) a mpikisano wa National (wa dziko lonse), mu ring (bwalo lozungulira) ya mayadi 40 mupatula ziwiri zopanda kolala, galu alowe ndi kuzigwira mpaka jaji akhutire. Kenako zonse zisanu ku pen (kakhola kotsekeramo). Mukatseka geti mubwerere nazo mu ring mukapatule imodzi mwa za kolala, ndiye single. Ma open ambiri a kumidzi amadumpha single, ena amayamba pen, ndiye mufunse musanapite pa post. Musalowe mu ring nkhosa zisanalowe. Pa pen chingwe cha geti ndi cha mafiti 6, mukachigwira musachisiye, ndipo geti lisakankhe nkhosa.

aMwale:
Pa pen pomwepo anthu amatayapo run yabwino chifukwa cha changu. Nkhosa yotsogola ikaika mphuno pakhomo n'kununkhiza pansi, imani chete, galunso agone. Mukagwedeza ndodo nthawi imeneyo imazungulira khola, zinzake n'kutsatira, ndipo zikazungulira kamodzi zaphunzira njira. Ndinaonapo nkhosa zitazungulira kanayi, munthu ali chigwirire chingwe, nthawi n'kutha geti lili pululu.

aGondwe:
Zimenezo zimayambira pa lift. Nkhosa zimene zadzidzimutsidwa kumtunda sizikhulupiriranso galu mpaka pa pen. Mapointi a lift ndi 10 okha koma amalamulira 100 enawo.

aTembo:
Nanga wezulo wabwino ndi wa pulasitiki kapena wachitsulo? Wanga akumveka ngati mbalame yodwala.

aJere:
Yambani ndi wa pulasitiki, ngotchipa, muziyeserera m'galimoto galu kulibe. Wachitsulo amafika kutali koma m'nyengo yozizira amazizira pamilomo. Chachikulu musasinthe wezulo sabata ya mpikisano, mamvekedwe amasiyana ndipo galu wamng'ono amasokonezeka.

aChisale:
APhiri mwayesa pa 50?