Girafu ya quadratic pa pulojekita, kalasi ya ana 85

Wa TP, Fomu 3:
Akuluakulu, ndithandizeni, ndili pa TP (teaching practice, kuyeserera uphunzitsi). Lachinayi abwera odzandiwona ndikuphunzitsa, mutu wake ma graph a quadratic functions. Ana alipo 85, pulojekita imodzi, laputopu imodzi, mapiriyodi awiri olumikizana, mphindi 80. Ndaika GeoGebra, pulogalamu ya pakompyuta yojambula ma girafu, koma ndikalemba y = ax^2 + bx + c girafu sikutuluka bwino, ndipo a kumbuyo akuti sakuona kanthu. Magetsinso ndi osadalirika. Ndiyambire pati?

Wa ku labu ya makompyuta:
Tiyambe ndi GeoGebra. Ikani GeoGebra Classic yochita kuyika pa laputopu, osati ya pa intaneti, kuti isadalire bandulo. Musanalembe equation lembani kaye a = 1, kenako b = -2, kenako c = -3, chilichonse pamzere wake, ndipo chilichonse muchipatse slider, kakamzere kokhala ndi kadontho komwe mumakoka kuti nambala isinthe. Mukatero lembani f(x) = a*x^2 + b*x + c. Nyenyezizo musazisiye, chifukwa mukaphatikiza a ndi x pulogalamuyi nthawi zina imatenga "ax" ngati dzina la chinthu chimodzi. Ma slider amabwera kuyambira -5 kufika 5, akuyenda ndi 0.1. Sinthani aziyenda ndi 1, apo ayi ana aziona 1.7 ndi 2.3, maso ali pa manambala m'malo mwa girafu.

Za a kumbuyo: zilembo zikwezeni zifike 32, mzere wa girafu muunenepetse, mtundu wake ukhale wofiira kapena wabuluu wakuda. Wachikasu umasowa masana. Pa bolodi lakuda musaponyepo kuwala, limamwa konse. Matani mapepala oyera a tchati anayi, kapena kolekani nsalu yoyera yofunda pabedi, ndipo mutchinge mawindo awiri akutsogolo okha. Mukatseka onse ndi ana 85, pofika mphindi 20 theka likhala likuwodzera. Chithunzi chikakana kutuluka, dinani batani la Windows pamodzi ndi P musankhe Duplicate. Yang'ananinso lero lomwe ngati waya wake ndi wa HDMI kapena VGA, pulojekita zakale zambiri ndi za VGA pomwe laputopu zatsopano zilibe polowetsa pake.

Wa TP, Fomu 3:
Zatheka bwana, nyenyezi zija ndi zomwe zimasowa. Ndiye ndiphunzitse phunziro lonse pa pulojekita?

Madamu a masamu, Fomu 4:
Ayi aphunzitsi, pamenepo ndi pomwe ambiri amagwera. Ku mayeso a MANEB mwana amapatsidwa pepala la girafu, iye ali ndi pensulo ndi lula. Pulojekita ikadya mphindi 80 ana asangalala, koma mawa lake alephera kuika (1, -4) pamalo pake. Ipatseni mphindi 15 basi, ndipo ibwere pambuyo.

Yambani ndi y = x² - 2x - 3, x kuchokera -2 kufika 4. Ndi yabwino chifukwa manambala onse ndi athunthu: 5, 0, -3, -4, -3, 0, 5. Ana adzaze tebulo awiriawiri, mphindi 15. Kujambula mphindi 20, sikelo ya 2 cm pa 1 unit mbali zonse, ikwana papepala. Inu muziyenda m'mizere. Muona atatu kapena anayi pa mzere uliwonse akulumikiza madontho ndi lula, ena akusongola pansi ngati V. Apo ndi pophunzitsira: dzanja likhale m'kati mwa kupindika, mzere umodzi, osabwereza.

Akamaliza ndiye yatsani. Girafu ya pa khoma ikhale yomweyo ajambulayo, aliyense ayerekeze ndi yake. Kenako gwirani slider imodzi yokha, c. Musanaisunthe funsani, "ndikaika 0 girafu ipita kuti?" Alembe yankho kaye. Mukatero pitani pa a: 1, 2, 3, kubwerera mpaka -1 aone ikugadabuka. Podutsa pa 0 imani, itembenuka mzere wowongoka, ndipo funso la chifukwa chake ndi lokoma kuposa onse. Ya b isiyeni tsikulo, imasuntha girafu cham'mbali ndi cham'mwamba nthawi imodzi, isokoneza.

Mkulu wa dipatimenti (HOD) ya sayansi:
A Madamu anena zoona. Ndiwonjezere za kakyuleta, poti vuto lenileni likhala pa tebulo. Mwana akalemba -2² pa scientific calculator imamupatsa -4, chifukwa imayamba yachita 2² kenako n'kuika minus. Ndiye pa x = -2 apeza -4 + 4 - 3 = -3 m'malo mwa 5, pa x = -1 apeza -2 m'malo mwa 0. Mbali ya kumanzere ya girafu imagona pansi, ya kumanja ili bwinobwino. Mukangoona girafu yotero musataye nthawi, muuzeni alembe (-2)² ndi mabulaketi. Ndi bwino tebulo likhale ndi mizere itatu, x², -2x ndi -3, yankho pansi, cholakwika chimaonekera pomwe chili.

Odzakuwonaniwo afunsanso ngati ana awerenga kanthu pa girafu. Siyani mphindi 10 apeze pomwe ikudula x-axis, -1 ndi 3, ndi turning point, pomwe girafu ikutembenukira. Root(f) ndi Extremum(f), zomwe zimaonetsa malo amenewa mu GeoGebra, muzilembe iwo atayankha kale.

Wa TP, Fomu 3:
Nanga magetsi akathima? Pasukulu pali batire ya sola ya 100Ah ndi inveta.

Wa ku labu ya makompyuta:
Iwerengereni. 12V kuchulukitsa ndi 100Ah ndi 1200Wh, koma batire ya asidi musaitsitse kupyola theka, ndiye muli ndi 600Wh. Pulojekita ya babu imadya pafupifupi 300W, onani pa chizindikiro cha pansi pake. Laputopu ibwere yodzadza kale, musaiike pa inveta. Mphindi 15 sizifika ndi 100Wh yomwe, bola inveta ikhale ya 500W kupita m'mwamba. Lumikizani pa inveta kuyambira pachiyambi ngakhale magetsi alipo, chifukwa kuzima mwadzidzidzi babu ili yotentha kumaifupikitsa moyo. Pozimitsa dikirani fani isiye kulira musanazule pulagi.

Madamu a masamu, Fomu 4:
Jambulaninso matchati atatu ndi maka usiku wa Lachitatu: c akusintha, a akukula, a ali negative. Muwalembe mu lesson plan, ndipo muwapinde akhale pa tebulo lanu. Thumbtack kapena selotepi musadalire za ku ofesi, tengani zanu.