Nyimbo za phwando la bambo ndi mayi

Chisamba: Mwaswera bwanji nonse? Za tenti zatheka, tidzaimika pabwalo la kunyumba ku Chibavi monga tinagwirizana. Mpunga wa Kilombero uli ndi amalume, nkhuku zili ndi azakhali. Chatsala ndi nyimbo. Mnyamata wa zoimbira akufuna timupatse pa fulashi lisanafike Lachisanu.

Mzime: Zimenezo ndisiyireni ine achemwali. Mufoni mwangamu muli amapiano odzadza.

Azakhali ku Katoto: Mwanawe, ili si phwando la anzako a ku Mzuni ayi. Makolo ako akukwanitsa zaka 30 m'banja. Ukwati wa 1996 ukufuna nyimbo za nthawi yomweyo.

Mzime: Pepani azakhali. Ine nthawi imeneyo ndinali ndisanabadwe. Ingotchulani, ndizilemba.

Malume: Yambira pa kwasakwasa. Kanda Bongo Man, Pepe Kalle. Perekaniperekani yense wa tsiku lija tinavina zimenezo, pa wailesi ya makaseti awiri yomwe tinachita kubwereka kwa aphunzitsi ena ku Chiputula. Mayi ako anafika povula nsapato zazitali zija n'kumavina ndi mapazi okha. Ine ndinali pa ntchito yotembenuza tepi, sindinadye n'komwe mpaka mdima.

Mayi aang'ono: Musaiwale Brenda Fassie, Vulindlela ija!

Azakhali ku Katoto: Imeneyo inabwera pambuyo alamu, pa ukwati wa achimwene kunalibe. Tinaivina pa ukwati wanu mu 1999. Koma ilowe ndithu, palibe ukwati unkatha osaimva zaka zimenezo.

Mayi aang'ono: Eee zoona, ndasokoneza maukwati. Ukalamba uwu.

Bambo aang'ono ku Joni: Ndangoweruka kumene, ndawerenga zonse. Ine pempho langa ndi limodzi. Za ku Congo ndi za kuno ku Joni zikhalepo, koma msana wa phwandoli ukhale nyimbo za ku Balaka. Ana inu mwina simungamvetse. Tisanavote pa referendamu ya 1993, wailesi inali imodzi, MBC, ndipo munthu unkayamba wayang'ana uku ndi uku usanalankhule. Kenaka kunatulukira mnyamata wa ku Balaka, Lucius Banda, mng'ono wake wa Paul Banda wa Alleluya Band, akuimba poyera zinthu zomwe ife tinkangonong'onezana. Bambo anu atamva Mabala koyamba anaima chilili pakhomo ndi njinga m'manja mpaka nyimbo inatha. Malipiro a mwezi umenewo, chinthu choyamba kugula chinali kaseti imeneyo, ufa pambuyo. Funsani mayi anu, anakangana nayo nkhaniyi ali pa chibwenzi.

Chisamba: Iyi ndiye ndikuimva lero! Bambo omwewa amene amazimitsa wailesi kuti tikusokosa?

Bambo aang'ono ku Joni: Omwewo. Soja Lucius Banda atamwalira kunoko mu June 2024 ine ndinawaimbira foni usiku. Anangoti, ndamva, n'kukhala chete nthawi yaitali. Ndinachita kudula ndine.

Malume: Ndiye lemba Lucius zinayi kapena zisanu. Paul Banda ziwiri, mayi ako amamukonda kuposa mng'ono wakeyo chifukwa cha mawu ofatsa aja. Wonjezera Billy Kaunda, Mwapindulanji, ndi Mlaka Maliro, Dzanja Lalemba. Zimenezi zinkalira m'minibasi iliyonse yochoka pa depoti kupita ku Nkhata Bay kapena ku Ekwendeni, kondakitala akuimba nawo khomo lili chitsegulire.

Mzime: Ndalemba. Ena mwa amenewa ndikuwapeza pa YouTube, ena mawu ake akumveka ngati ali m'madzi.

Msuweni ku Luwinga: Ndi mmene zinkamvekera basi, usazikonze. Ife tinakulira kuzunguza tepi ndi cholembera kuti tisunge mabatire. Wailesi ikatafuna tepi tinkadula pophwanyikapo n'kulumikiza ndi utoto wa zikhadabo wa amayi. Nyimbo inkadumpha pamalo amenewo, mpaka lero ndikamaimba pamtima ndimadumpha pomwepo.

Azakhali ku Katoto: Ndipo kanema kunalibe. TVM inayamba mu 1999. Oimba ambiri tinkawadziwa nkhope pa chikuto cha kaseti chokha, kapena akabwera kudzaimba kuno. Anthu ankayenda wapansi kuchokera ku Zolozolo ndi ku Mchengautuwa, kuzizira konse kuja, kubwerera m'bandakucha.

Mayi aang'ono: Pali china ndikufuna ndinene, mundikhululukire. Achemwali ndi alamu akhala ku Mzuzu moyo wawo wonse wa m'banja. Ana onse anabadwira kuno. Adzabwera anansi, a kumpingo, apongozi a Chisamba ochokera ku Rumphi. Sizingaoneke bwino kuti tsiku lonse lidutse popanda ya Chitumbuka ngakhale imodzi. Wambali Mkandawire akhalepo.

Chisamba: Mwandithandiza mayi, ndinkachita manyazi kuyambitsa ndine. Apongozi anga ndi a kufupi ndi ku Mlowe, kwawo kwa Wambali. Zani Muwone ndi ya 2002, yatuluka pang'ono m'zaka zathuzi, koma ilowe.

Malume: Ilowe nthawi ya chakudya. Wambali si wovina thukuta, ndi womvera utakhala pansi, mbale ili pamwendo. Tinamutaya mu January 2021, nthawi ya Covid ija.

Msuweni ku Luwinga: Nanga Matafale? Palibe wamutchula.

Azakhali ku Katoto: Ndinkadziwa kuti wina afikapo.

Mzime: Chavuta n'chiyani azakhali?

Azakhali ku Katoto: Iwe unali usanabadwe. Tinali ndi mchimwene wathu wina, wopondana ndi bambo ako aang'ono a ku Joniwa. Ankakhala ndi makolo ako ku Chibavi komweko, m'kachipinda kamene pano musungamo makala. Kuyimba 1 itatuluka mu 1999 mnyamata uja sankamvanso china. M'mawa Matafale, madzulo Matafale, akuchapa, akusita. Evison Matafale atamwalira ali m'manja mwa apolisi mu November 2001, iye anakhala masiku awiri osadya. Patangotha chaka ndi miyezi, nayenso anadwala n'kutisiya. Chichokereni kumanda, bambo ako sanaikenso kaseti imeneyo. Ikalira pa wailesi amadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba. Ine sindikufuna tidzawalize pamaso pa alendo.

Bambo aang'ono ku Joni: Achemwali, ndikukumvani. Koma taganizani. Malemu ndi amene anali wogwirizira pa ukwati umenewu. Suti yomwe anavala achimwene anakaitenga ndi iye kwa telala, mvula ikugwa. Pa chithunzi chomwe chili pabalaza waima kumanja kwawo. Tidzavina nyimbo za aliyense, iye yekha n'kumusiya kunja kwa tenti? Ine mtima wanga ukukana.

Azakhali ku Katoto: Inu mudzakwera basi n'kubwerera ku Joni. Otsala nawo ndi ife.

Malume: Alamu nonse awiri mukunena zoona, koma mutu umodzi susenza denga, ndipo mwini denga sitinamufunse. Chisamba, uli pafupi. Pita ukalankhule ndi mayi ako kaye, iwo adziwa polowera.

Chisamba: Chabwino amalume, ndipita ndikaweruka. Pakadali pano za ndalama: aliyense K30,000 monga tinanenera, pa Airtel Money kapena Mpamba, nambala ndi yomwe ija. Atumiza ndi anthu asanu ndi mmodzi. Tikufunikanso mafuta a jenereta, magetsi akadzathima pakati pa kwasakwasa azakhali sadzatikhululukira.

Msuweni ku Luwinga: Jenereta ndibweretsa ya kuntchito, ndapempha kale. Yanga nditumiza mawa.

Mzime: Ine ndingapemphe nyimbo zitatu zokha za masiku ano, kumapeto, za ana?

Azakhali ku Katoto: Zitatu. Zopanda mawu otukwana. Ndiyambe ndazimva ine.

Chisamba: Ndabwerako. Mayi anati iwo sangayankhire bambo, ndiye anawaitana pomwepo ndili pompo. Ndinafotokoza zonse, za azakhali ndi za bambo aang'ono. Bambo sanayankhe msanga. Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi katoni ya nsapato yomanga ndi chingwe. Muli makaseti 23, ndawerenga. Ya Matafale ili momwemo, pachikuto pali dzina la malemu lolemba yekha ndi cholembera chofiira. Akuti iimbidwe, nyimbo imodzi, madzulo alendo akadzachepa titatsala apabanja. Koma akuti osati ya pa fulashi. Akufuna tepi yomweyo.

Azakhali ku Katoto: Anena okha choncho?

Chisamba: Okha azakhali. Ndipo akuti mudzakhale pafupi nawo.

Azakhali ku Katoto: Chabwino mwanangu. Ndidzakhala.

Bambo aang'ono ku Joni: Zikomo Chisamba. Tikiti ndagula, ndifika Lachinayi lake.

Mzime: Koma wailesi ya kaseti tiipeza kuti? Ya kunyumba inafa kalekale.

Malume: Yanga ilipo, lamba wake ndi amene anamasuka. Pali mkulu wina amakonza mawailesi kumsika, ndipita nayo Loweruka m'mawa. Chisamba, tepiyo musaiyese mu wailesi ina iliyonse, ingatafunidwe. Uyambe waizunguza ndi cholembera mbali zonse ziwiri, pang'onopang'ono, yakhalitsa osayenda.