Ndabweranso pa funso lija la allow, permit ndi authorise

Anzanga, paja ndinafunsa ngati allow, permit ndi authorise ndi amodzi poti ife timangoti kulola basi. Zikomo nonse munayankha, pano zandimvekera.

Allow ndi wa tsiku ndi tsiku, permit ndi wa m'makalata ndi pa zikwangwani, ngati zija amalemba kuti smoking is not permitted. Let ndiye wapamacheza, koma samalani satenga to, timati let me go, pomwe winayo ndi allow me to go. Authorise ndi nkhani ina, pamafunika munthu waudindo wokupatsa mphamvu, ngati bwana kusainira kuti ukatape ndalama za kampani kubanki, mnzako wamba sangakupange authorise ayi.

Koma chomwe ndikufuna mugwiritsitse ndi must not ndi don't have to, chifukwa apa anthu amapweteka nazo pantchito, must not ndiye kuti nzoletsedwa usayerekeze, pomwe don't have to ndiye kuti sukukakamizidwa, ukafuna panga ukafuna siya. Pa fomu mukaona required musadumphe, akubwezani.

Za claim ndi assert, onse ndi kunena motsindika, kungoti mtolankhani akalemba he claims amakhala akuonetsa kuti umboni sunaoneke.