Kodi chikuku cha galu wokalamba n'choyenera kugula?

Mayi a Tadala:
Abale, ndikupempha maganizo anu pa nkhani imene yandisowetsa tulo kwa masabata atatu tsopano. Galu wanga Bobi, wa mtundu wa German Shepherd, wakwanitsa zaka 11, ndipo kuyambira chaka chatha miyendo yake yakumbuyo yakhala ikufooka pang'onopang'ono. Poyamba ndinkangomva zikhadabo zikukhula pansi akamayenda, kenako ndinaona kuti akaima amapinda phazi n'kupondera pamwamba pa zala osazindikira, ndipo masiku ano akafuna kutembenuka msanga chiuno chimapepeluka mpaka amagwa chambali. Dokotala wa ziweto anamuyeza, anajambula msana, n'kunena kuti akuganizira matenda otchedwa degenerative myelopathy, amene amawononga mtsempha waukulu wa mu msana ndipo alibe mankhwala ochiza. Anapezanso nyamakazi pang'ono m'chiuno. Mwana wanga wandiuza za chikuku cha agalu, chokhala ndi mateyala awiri ndi malamba onyamula chiuno, koma mtengo wake ndi wolemera kwa ine. Kodi n'choyenera kugulira galu wa msinkhu umenewu, kapena ndingotaya ndalama pa chinthu chimene adzachigwiritse ntchito miyezi yowerengeka?

Bambo a Chikondi:
Pepani mayi, ndi zowawa kuona galu amene munamulera kuyambira ali kamwana akulephera kuima. Ine ndinagula chikuku chotere ndipo ndimanong'oneza bondo mpaka lero. Galu wanga anali Labrador wa zaka 13, ndipo nditamumanga malamba anangoima nji, mutu uli pansi, osasuntha ngakhale phazi limodzi. Ndinayesa kwa masabata awiri, ndikumunyengerera ndi mawu komanso ndi chakudya, koma akangoona chikukucho ankapita kukabisala kuseri kwa mpando. Chinathera pakona chikutola fumbi. Zimene zinamuthandizadi zinali zinthu wamba: makapeti osaterera amene ndinayala m'njira zake zonse, matiresi okhuthala ogonapo, ndi thaulo lalitali limene ndinkalipisa pansi pa mimba pomudzutsa. Malangizo anga ndi akuti ndalamazo muzisungire mankhwala ndi maulendo a kwa dokotala, chifukwa zimenezo sizidzatha.

Anaphiri:
Ndinagwirapo ntchito yothandiza dokotala wa ziweto kwa zaka zingapo, choncho ndiloleni ndisiyanitse nkhani ziwirizi, chifukwa galu wa Bambo a Chikondi ndi galu wa Mayi a Tadala sakudwala matenda amodzi. Bambo, ndikuganiza kuti Labrador wanuyo anali ndi nyamakazi, ndipo kwa agalu a mtundu umenewo nyamakaziyo kawirikawiri imagwiranso zigongono za miyendo yakutsogolo. Galu amanyamula pafupifupi 60 peresenti ya kulemera kwake ndi miyendo yakutsogolo ngakhale ali bwinobwino, ndiye mukamuika m'chikuku miyendo yomweyo ndi imene imakoka thupi lonse pamodzi ndi mateyala. Ngati zigongono zikupweteka, galu sangayende, ndipo kukana kwakeko sikunali mwano ayi, unali ululu.

Degenerative myelopathy ndi yosiyana kwambiri. Matendawa paokha sapweteka. Chimene chimachitika n'chakuti uthenga wochokera ku ubongo sufika bwino ku miyendo yakumbuyo, ndipo n'chifukwa chake Bobi amapondera pamwamba pa zala osadziwa. Amakonda kugwira agalu opitirira zaka 8, makamaka German Shepherd, Boxer ndi Corgi, ndipo mu 2009 asayansi anapeza kuti amagwirizana ndi kusintha kwa jini (kachidutswa ka chibadwa kotengera kwa makolo) yotchedwa SOD1, imene imapezekanso itasintha mwa anthu ena odwala ALS, matenda owononga mitsempha yoyendetsa minofu. Galu wotere amakhala ndi mutu wabwino, chilakolako cha chakudya ndiponso mtima wofuna kutuluka panja, koma miyendo ndiyo imamukana. Ngati pali galu amene chikuku chinapangidwira, ndi ameneyu.

Mayi, musanagule chitani izi. Pisani thaulo pansi pa mimba pafupi ndi chiuno, nyamulani kumbuyoko mpaka msana ukhale wowongoka, ndipo muyende naye. Akamakukokani ndi mphamvu kwa mphindi zingapo, ndiye kuti miyendo yakutsogolo ikadali ndi nyonga. Akamagwada, kupunthwa kapena kupuma wefuwefu atangoyenda pang'ono, musagule kaye, mubwerere kwa dokotala kuti akaone mtima ndi zigongono.

Bambo a Chikondi:
Anaphiri, mwalasa pomwepo, zigongono zake zinali zotupa ndipo palibe amene anandiuza zoyamba kumuyesa ndi thaulo. Komabe sindinasinthe maganizo kwenikweni. Inu nomwe mukudziwa kuti matendawa saima. Agalu ambiri amalephereratu kuyenda pasanathe chaka chimodzi chiyambireni zizindikiro, kenako amayamba kudzikodzera ndi kudzichitira chimbudzi, ndipo pamapeto pake miyendo yakutsogolo nayo imafooka. Mayiwa akuti zinayamba chaka chatha. Ndiye atsala ndi miyezi ingati? Ndipo ndani amene azinyamula galu wa makilogalamu oposa 30 kumulowetsa m'malamba kawiri kapena katatu pa tsiku? Ndikufunsa izi mosafuna kupweteka mtima wa munthu, koma nthawi zina timagula zinthu zotere kuti titonthoze mitima yathu, osati chifukwa galu akuzifuna. Ine ndinachita zimenezo.

Agogo a Mphatso:
Mwana wanga, funso lakolo n'lomveka, koma ndilole ndikuyankhe ndi zimene maso anga anaona. Ndinali ndi Boxer wamkazi amene anadwala matenda omwewa, ndipo anayenda ndi chikuku kwa miyezi isanu ndi itatu. Chisanabwere, ankakhala chogona tsiku lonse, akuyang'ana khomo, ndipo ankadzikoka pansi mpaka khungu la pamwamba pa mapazi linanyuka n'kuyamba kutuluka magazi. Tsiku loyamba m'chikuku anachita mantha ndi phokoso la mateyala, tsiku lachiwiri anayenda mpaka pageti, ndipo pofika sabata yachiwiri ndinkachita kumuthamangira. Anayambiranso kununkhiza m'mbali mwa njira, kuuwa anthu odutsa, ndiponso kukodza ali chiimire, chimene chinachepetsa kwambiri zilonda zobwera chifukwa chogonera mkodzo. Ngati wina akuti miyezi isanu ndi itatu ndi yochepa, akumbukire kuti galu amene moyo wake wonse ndi zaka khumi kapena khumi ndi ziwiri, miyezi imeneyo si yaing'ono.

Koma Mayi a Tadala, sindikubisirani zovuta zake. Galu wamkulu sangathe kugona ali m'chikuku, choncho simungamusiyemo n'kupita kuntchito. Ndi chida choyendera basi, ndipo muyenera kukhala pafupi nthawi zonse chifukwa teyala likakodwa pa mwala kapena pa sitepe chimagubuduka. Muyambe ndi mphindi zisanu kapena khumi, n'kumaonjezera pang'onopang'ono. Madzulo alionse muziyang'ana m'khwapa ndi m'mphechepeche ngati malamba sakumusupula. Ndipo msana wanu nawo muusamale, chifukwa wanga unandivuta kufikira nditaphunzira kulowetsa miyendo yake m'malamba iye ataima chogwirizidwa ndi munthu wina, m'malo momunyamula ndekha.

Mayi a Tadala:
Zikomo nonse, ndikuwerenga mobwereza. Bobi amalemera makilogalamu 38, ndipo dokotala anati wanenepa mopitirira. Mwana wanga amakhala nane, choncho wondithandiza kunyamula alipo m'mawa ndi madzulo. Ndifunsenso chinthu china: mnansi wanga wandiuza kuti m'malo mwa zonsezi ndizingomupatsa ibuprofen amene ndimamwa ineyo, kuti mwina ayambe kuyenda bwino. Kodi zimenezi n'zoona?

Anaphiri:
Chonde mayi, musayerekeze ngakhale piritsi limodzi. Ibuprofen amaboola zilonda m'mimba mwa galu ndi kuwononga impso, ndipo agalu ambiri afa chifukwa cha chifundo chotere. Nyamakazi ya m'chiunoyo ili ndi mankhwala ake a agalu, monga carprofen kapena meloxicam, ndipo dokotala amayamba wayeza magazi kuti aone impso ndi chiwindi asanapereke kwa galu wokalamba. Palinso jakisoni wa pamwezi wotchedwa Librela, amene analoledwa ku Ulaya mu 2020 ndi ku United States mu 2023, koma poti Bobi ali ndi vuto la mitsempha, mukambirane bwino ndi dokotala ngati ali woyenera kwa iye. Dziwaninso kuti mankhwala onsewa amangochepetsa ululu wa nyamakazi. Sangabweze mphamvu imene myelopathy yachotsa.

Pa funso la Bambo a Chikondi la miyezi yotsala, pali kafukufuku wa mu 2006 amene anachitika ku Switzerland pa agalu a matendawa. Amene ankachita mafizo mwakathithi tsiku ndi tsiku anakhala ndi moyo masiku pafupifupi 255, amene ankachita pang'ono masiku 130, ndipo amene sankachita konse masiku 55 okha. Agaluwo anali ochepa, choncho tisawerenge manambalawa ngati lonjezo, koma akuonetsa mbali imene zinthu zimapendekera: galu amene akuyendabe amachedwa kufooka. Chikuku phindu lake lili pamenepo, ndipo n'chifukwa chake n'kwabwino kuchiyamba miyendo yakumbuyo isanafe yonse, kuti mapazi azigundabe pansi ndi kupalasa. Kuchepetsa thupi nako n'kofunika; kafukufuku wa mu 2010 anaonetsa kuti agalu onenepa a nyamakazi anachepetsa kutsimphina atangotaya pafupifupi 6 peresenti ya kulemera kwawo, zimene kwa Bobi ndi makilogalamu awiri ndi pang'ono.

Achimwene a Limbani:
Ine ndingoonjezera za mtengo, popeza ndi umene ukuwavuta mayi. Zikuku zimenezi zimagwira ntchito nthawi yochepa, choncho eni ake ambiri amatsala nazo zili zabwinobwino galu akamwalira, ndipo amazigulitsa motchipa kapena kungopereka. Funsani dokotala wanu ngati akudziwa wina wotere. Ndinapangirapo kagalu kanga kakang'ono chikuku cha mapaipi a pulasitiki ndipo chinagwira ntchito, koma kwa galu wa makilogalamu 38 sindingakulimbikitseni, chifukwa mapaipiwo amapindika ndipo mateyala akapanda kukhala molunjika chiuno, katundu yense amatsamira pa mapewa. Mukapeza chakale, onetsetsani kuti ndi chotheka kusintha kutalika ndi kutambalala kwake.

Bambo a Chikondi:
Ngati chingapezeke chakale kapena chobwereka, ndiye kutsutsa kwanga kwachepa ndi theka. Theka lotsalalo ndi ili: mayi, mugwirizane ndi mwana wanu kuyambira lero zizindikiro zimene zidzakuuzeni kuti chikuku sichikuthandizanso. Ine ndinachedwa kuvomereza, ndipo galu wanga anavutika masabata amene sanayenere kuvutika. Muzilemba pakalendala masiku abwino ndi oipa, kuti tsikulo likadzafika musadzadalire mtima wokha.

Mayi a Tadala:
Ndabweranso kuti ndikuuzeni zimene zachitika. Dzulo madzulo tinamuyesa ndi thaulo monga munanenera, Anaphiri. Mwana wanga anagwira kumbuyo, ine ndinagwira chingwe, ndipo Bobi anatikoka mpaka kumapeto kwa msewu, kumene sanafikeko kwa miyezi inayi, mchira ukugwedezeka pang'ono momwe ungathere. Amene anatopa ndi mwana wanga, osati galu. Lero m'mawa ndinaimbira dokotala. Wati mtima wake unali bwino pa ulendo wapitawo, ayeza magazi Lachisanu asanayambe mankhwala a nyamakazi, ndipo afunsa banja lina limene linali ndi chikuku cha galu wamkulu ngati lingatibwereke kwa sabata imodzi tisanagule. Bambo a Chikondi, kalendala ndaipachika kale, ndipo makapeti ndayala kuyambira pogona pake mpaka pakhomo. Agogo, ndithandizeni chinthu chimodzi: poyeza kutalika kwa mwendo wakumbuyo kuchokera m'mphechepeche mpaka kuphazi, munamuyeza ataima chogwirizidwa kapena atagona chambali?

Agogo a Mphatso:
Ine ndinamuyeza atagona chambali, mwendo uli wopindika pang'ono monga umakhalira galu akaima, osaukoka kuti uwongoke, chifukwa mukaukoka chikuku chimatalika ndipo mapazi amalendewera m'mwamba. Muyeze kawiri, ndipo mumugulirenso tinsapato ta mapazi akumbuyo musanatuluke naye pa msewu wa miyala.