Mayi wa makilogalamu 92, app ikuti adye magalamu 200 a mapuloteni patsiku

Wophunzitsa pa jimu, Chitawira: Akuluakulu ndithandizeni. Pali mayi wa zaka 34, wolemera makilogalamu 92, kutalika 1.62 m. Akufuna kutsitsa thupi ndipo amanyamula zitsulo katatu pa sabata. App ya pa foni yawalembera magalamu 200 a mapuloteni patsiku. Zomwe akulemba zikuonetsa kuti akufika 170, koma ndikafunsa zomwe adya ndi nsima, nyemba ndi mazira awiri. Masamu sakugwirizana. Tiwapatse mlingo wanji?

Katswiri wa kadyedwe, Limbe: Achimwene, 200 ameneyo wachokera ku kawerengedwe kozolowereka ku America ka galamu imodzi pa paundi iliyonse. Makilogalamu 92 ndi mapaundi pafupifupi 203, ndiye app yangokopera. Pa kilogalamu, amenewo ndi magalamu 2.2, zomwe n'zoposa zofunika.

Munthu wamkulu wosachita masewera amafunika pafupifupi magalamu 0.8 pa kilogalamu. Wonyamula zitsulo kapena wotsitsa thupi, 1.2 mpaka 1.6, ndipo kupyola 1.6 phindu pa minofu limachepa kwambiri. Koma pa munthu wonenepa chonchi musachulukitse ndi sikelo ya lero, chifukwa mafuta a m'thupi safuna mapuloteni ngati minofu. Tengani kulemera komwe BMI yawo (muyeso wa kulemera poyerekeza ndi kutalika) ingakhale 25: 1.62 kuchulukitsa ndi 1.62, kenako ndi 25, mupeza pafupifupi 66. Ndiye 66 kuchulukitsa ndi 1.6 ndi pafupifupi 105. Apatseni pakati pa 90 ndi 105.

Namwino, Ndirande: Musanafike pa manambala, mwawafunsa za shuga ndi BP? Matenda awiriwa amaononga impso mwakachetechete. Ngati ali ndi amodzi mwa amenewa, ayambe akayezetsa creatinine, muyeso wa m'magazi woonetsa mmene impso zikugwirira ntchito. Wodwala impso amene sanayambe dialysis (kusefa magazi ndi makina) amapatsidwa magalamu 0.6 mpaka 0.8 pa kilogalamu, ndipo zimenezo si za pa jimu, n'za adokotala. Komanso ngati ali oyembekezera, nkhani yotsitsa thupi iime kaye.

Wophunzitsa pa jimu, Chitawira: Alibe zonsezo mayi, anayezetsa mwezi watha. Nanga 170 uja akuchokera kuti?

Katswiri wa kadyedwe, Limbe: Tsegulani app yawo muone mzere wa nyemba. Ndikhulupirira akuyeza zophika n'kusankha mzere wa zouma. Nyemba zouma zili ndi mapuloteni magalamu pafupifupi 22 pa magalamu 100, zophika 8 kapena 9 okha, chifukwa zikamwa madzi zimalemera kuwirikiza kawiri ndi theka. Mbale ya magalamu 300 yokhala ndi msuzi wake akailemba ngati zouma, app iwapatsa 66, pomwe m'mimba mwalowa osakwana 25. Nsima nayo chimodzimodzi: ufa uli ndi 7 mpaka 9 pa 100, koma mtanda wa nsima mbali yaikulu ndi madzi. Akayeza mitanda n'kulemba kuti ufa wa chimanga, nambala ikwera katatu.

Nyama imachita zosiyana, imataya madzi. Chidali cha nkhuku chachiwisi ndi 22 kapena 23 pa 100, chophika chimafika 31. Choncho asankhe njira imodzi: kuyeza zonse zisanalowe mumphika. Ndipo manambala a zakudya zakwathu muziona mu Malawian Food Composition Table ya 2019, buku la michere ya m'zakudya za ku Malawi, chifukwa ma app ambiri usipa saudziwa, munthu amangosankha sardines za m'chitini.

Wophunzitsa pa jimu, Chilomoni: Koma pakhomo pa anthu asanu ndi mmodzi ndani angayeze gawo lake lisanalowe mumphika? Chosavuta n'chakuti ayeze nyemba zonse zouma, akaphika ayeze mphika wonse kuchotsapo kulemera kwa mphikawo, kenako ayeze mbale yawo. Zouma magalamu 500 ndi mapuloteni 110. Ngati zophika zalemera 1,500 ndipo iwo atenga 200, gawo lawo ndi pafupifupi 15. Akachita kawiri katatu diso lizolowera, sikelo aisiya.

Katswiri wa kadyedwe, Zingwangwa: Ndiike tsiku limodzi lopanda whey (ufa wa mapuloteni wochokera ku mkaka), la zinthu zopezeka mumsika wa Limbe kapena pa golosale. M'mawa phala la mgaiwa magalamu 40 (mapuloteni magalamu 3), nsinjiro masipuni awiri (4), mazira awiri (12), mkaka kapu ya 250 ml (8). Apo 27. Masana nsima ya ufa magalamu 100 (8), usipa wouma magalamu 30, womwe ndi dzanja limodzi lodzaza, umapereka pafupifupi 17, ndi nyemba zophika magalamu 150 (13). Apo 38. Madzulo soya pieces zouma magalamu 40, mtanda umodzi ndi mpiru wotendera, pafupifupi 28. Zonse 93. Kapu ya chambiko cha m'ma 4 koloko iwafikitsa pa 100.

Soya muwerenge pa paketi, si zonse zomwe zimafika 50 pa 100, ndipo ayeze asanaviike. Usipanso ayeze uli wouma, atachotsa mchenga ndi zinyalala.

Katswiri wa kadyedwe, Limbe: Ndondomekoyo ili bwino achemwali, makamaka kugawa katatu m'malo mounjika zonse madzulo. Magalamu 25 mpaka 35 pa chakudya chimodzi n'zokwanira. Chenjezo langa lili pa mtedza. Anthu amamva kuti uli m'gulu lomanga thupi n'kumakukuta tsiku lonse. Magalamu 100 ali ndi mapuloteni 25, inde, koma ma calorie ake ndi pafupifupi 570. Kwa wotsitsa thupi nsinjiro ikhale yotendera ndiwo basi.

Namwino, Ndirande: Nyemba azionjezera pang'onopang'ono, apo ayi mimba idzaza mpweya, adzasiya sabata isanathe.

Wophunzitsa pa jimu, Chitawira: Ndaona mu app muja. Nyemba analembadi zouma, nsima analemba ufa magalamu 450. Nditakonza, tsiku la dzulo latsika kufika pa 68. Ndasintha mlingo kukhala 100, ndipo tiyamba ndi kuonjezera usipa masana ndi mkaka m'mawa.