Keystone ikubweza 401 mwa apo ndi apo pa ma controller atatu, komanso funso la Active Directory

Wofunsa:
Moni nonse m'gulu muno. Ndikupempha nzeru kwa inu amene munagwirapo OpenStack (pulogalamu yoyendetsera cloud), makamaka Keystone, gawo lake lotsimikizira anthu olowa, chifukwa nkhaniyi yandizunguza mutu.

Tili ndi ma controller atatu (maseva oyang'anira cloud), ndipo kutsogolo kwawo kuli HAProxy yomwe imagawa ntchito pa port 5000. Database ndi MariaDB Galera, memcached, yosunga zinthu kwakanthawi (cache), ili pa maseva onse atatu. Tinaika ndi ma package tokha, osati kudzera mu Kolla-Ansible. Matokeni, ziphaso zimene Keystone imapereka munthu akalowa, ndi a mtundu wa Fernet, ndipo nthawi yawo sitinaisinthe, ikadali masekondi 3600. Titangomaliza keystone-manage bootstrap zonse zinkayenda bwino, magawo ena a OpenStack monga Nova, Glance ndi Neutron akumvana popanda chovuta.

Panopa anthu akumatulutsidwa mu Horizon, tsamba la pa web la OpenStack, atangolowa kumene. Ukalemba openstack server list pena ikuyankha, pena ikubweza HTTP 401 (kutanthauza kuti yakukana kulowa), ukabwereza ikuyankhanso. Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti ntchito zotenga nthawi, monga snapshot (kopi) ya instance yaikulu (seva ya mu cloud), zikumafera panjira. Nthawi ya maseva ndaiona, chrony ikugwira bwino. Mapasiwedi a m'gawo la keystone_authtoken mu nova.conf ndi glance-api.conf ndi olondola, chifukwa akanakhala olakwika bwenzi zikulephera nthawi zonse.

Funso lachiwiri ndi ili: mabwana akufuna kuti antchito azilowa ndi maakaunti awo a Active Directory (AD), dongosolo la Microsoft losunga maakaunti a pa kampani. Mnzanga wa mu timu akuti tingosintha driver ya identity mu keystone.conf kuchoka pa sql kupita pa ldap, njira yolankhulira ndi AD, basi. Ine mtima ukukana. Kodi njira yabwino ndi iti?

mlonda_wa_seva:
Achimwene, tisanapite patali, lowani pa controller iliyonse mulembe md5sum /etc/keystone/fernet-keys/* kenako mutiuze ngati zotsatira zikufanana, kuti tidziwe ngati makiyi a Fernet ndi amodzimodzi. Muonenso ngati pali cron (ntchito yodziyendera yokha pa nthawi yoikika) yomwe ikuyendetsa fernet_rotate, lamulo losinthira makiyi, ndipo ili pa maseva angati.

Wofunsa:
Ndaona akulu. Mayina a mafayilo ndi ofanana, koma md5sum ikusiyana pa seva iliyonse. Cron ilipo pa onse atatu, imayenda pakati pa usiku tsiku lililonse.

mlonda_wa_seva:
Ndiye vuto lanu lili pomwepo. Tokeni ya Fernet sisungidwa mu database, choncho Galera singakuthandizeni apa. Chizindikiro cha munthuyo ndi nthawi yothera zili m'kati mwa tokeniyo, zotsekedwa ndi kiyi, ndipo controller iliyonse imene yapatsidwa tokeni kuti iitsimikize iyenera kukhala ndi kiyi yemweyo amene anaitsekera.

Mu foda ya fernet-keys ija makiyi ali ndi maudindo osiyana. Wa nambala yaikulu kwambiri ndi primary, ndiye amatseka matokeni atsopano. Apakati amangotsekula akale. Kiyi 0 ndi wodikira: amatha kutsekula koma satseka, ndipo ndi amene adzakhale primary mukadzasintha. Mukayendetsa fernet_rotate, 0 amakwera n'kutenga nambala yaikulu, ndipo pamapangidwa 0 watsopano amene palibe seva ina ikumudziwa.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Kusintha koyamba pa maseva atatuwo sikunaononge kanthu, chifukwa onse anakweza 0 wofanana uja munakopera poyamba. Koma usiku womwewo seva iliyonse inapanga 0 wakewake. Pa kusintha kwachiwiri, makiyi atatu osiyanawo anakhala ma primary. Kuyambira pamenepo, tokeni yopangidwa ndi controller yoyamba ikagwera kwa yachiwiri imakanidwa. Memcached ndi imene ikuchititsa kuti zizioneka ngati zamwayi, chifukwa tokeni ikapezeka mu cache imadutsa popanda kutsekulidwa ndi kiyi.

Chotsani cron pa maseva awiri. Seva imodzi yokha ndiyo izisintha, ikatero foda yonse itumizidwe kwa enawo ndi rsync, pulogalamu yokopera mafayilo, ndi --delete kuti makiyi akale asatsalire. Mwini wa mafayilo akhale keystone, ndipo foda ikhale yoti ena sangawerenge. Mukatumiza koyamba anthu ena adzafunika kulowanso, muwachenjeze.

tekinoloje_265:
Ine ndimangozimitsa rotation yonse n'kukweza expiration kufika maola 24. Palibe amene anadandaulapo.

NaDevOps:
Pepani achimwene, koma malangizo amenewo ndikuwakana ndithu. Munthu akapeza makiyi a Fernet angathe kudzipangira tokeni yovomerezeka ya aliyense, ngakhale ya admin. Mukasiya kusintha ndiye kuti kiyi amene anatuluka mu backup ya chaka chatha akugwirabe ntchito lero. Kutalikitsa moyo wa tokeni nakonso kukungopatsa wakuba nthawi yambiri.

Wofunsa, pali china choti mukonze. Ntchito zazitali ngati snapshot zili ndi njira yakeyake. Service ikatumiza tokeni yake pamodzi ndi ya munthu, Keystone imatha kuvomereza tokeni ya munthuyo ngakhale itatha nthawi, malinga ngati ili m'kati mwa allow_expired_window, yomwe poyambira ndi masekondi 172800, kapena kuti masiku awiri. Mu nova.conf muyatse send_service_user_token m'gawo la service_user. Koma izi zimatheka pokhapokha kiyi amene anatseka tokeniyo akadalipo, ndipo max_active_keys poyambira ndi 3 yokha. Werengani motere: 3600 kuphatikiza 172800, mugawe ndi 86400 poti mumasintha kamodzi patsiku, zikupitirira 2 pang'ono, ndiye tenganipo 3, muwonjezere awiri a primary ndi 0. Ikani 5.

Ndiponso musaiwale /etc/keystone/credential-keys. Amenewa nawonso ayenera kufanana pa maseva onse, koma musawaike mu cron yomweyo. Amatseka zinthu zosungidwa mu database monga zinsinsi za TOTP (manambala olowera osinthasintha), ndipo mukawasintha pamafunika credential_migrate. Mukawataya, zimene anatsekazo simuziwerenganso.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri achemwali, za credential-keys ndaziona, mwamwayi zikufanana ndipo cron sikuzikhudza. Nanga za Active Directory zija?

NaDevOps:
Mtima wanu ukunena zoona. Maakaunti a nova, glance, neutron, cinder ndi admin ali mu SQL, mu domain ya Default. Mukasintha driver yaikulu kukhala ldap, Keystone idzakawafuna ku Active Directory komwe kulibe, ndipo cloud yonse idzaima. Ena amathetsa izi powapanga maakauntiwo mu AD, koma ine sindimakonda. Tsiku limene domain controller, seva ya AD, yagwa, kapena lamulo losintha mapasiwedi lagwira akaunti ya nova, mumatsekeredwa kunja pa nthawi imene mukufunika kwambiri kulowa.

Siyani Default mmene ilili. Mu keystone.conf muyatse domain_specific_drivers_enabled, mupange domain yatsopano ya antchito, ndipo makonzedwe ake a LDAP muwalembe mu /etc/keystone/domains/keystone.DZINA.conf. Dzina la pa fayilo lifanane ndendende ndi la domain. Keystone imangowerenga ku LDAP, silembako, choncho akaunti yolumikizira isakhale ndi mphamvu zambiri. Lumikizani ndi ldaps kapena use_tls, chifukwa mapasiwedi a anthu azidutsa pamenepo.

AD ili ndi makhalidwe ake. user_name_attribute ikhale sAMAccountName. Kuti Keystone idziwe akaunti yozimitsidwa, user_enabled_attribute ikhale userAccountControl, user_enabled_mask ikhale 2, user_enabled_default ikhale 512. Mukalumpha izi, munthu amene anasiya ntchito azionekabe ngati wololedwa pa mndandanda. Ngati anthu ali m'ma OU (magawo a mu AD) osiyanasiyana, query_scope ikhale sub. AD imabwezanso mayina osapitirira 1000 pa funso limodzi, ndiye ikani page_size ngati antchito ndi ambiri.

mlonda_wa_seva:
Ndingowonjezera pa zimene anena achemwaliwa. Ma role amakhalabe mu SQL ya Keystone, sachokera ku AD. Muzipereka member kapena reader ku gulu la AD pa project, osati kwa munthu mmodzimmodzi, ndipo muike user_filter kuti asamaoneke anthu onse a m'kampani. Role ya admin musamale nayo kwambiri. M'makonzedwe ambiri, amene wapatsidwa admin pa project imodzi amatha kuchita zinthu zokhudza cloud yonse.

Mu Horizon muyatse OPENSTACK_KEYSTONE_MULTIDOMAIN_SUPPORT, apo ayi malo olembapo domain saoneka ndipo anthu aziti mapasiwedi awo akukanidwa. Amene ali ndi ma script aphunzitseni application credentials (zolowera zapadera za ma script), zomwe zilipo kuyambira Queens mu 2018, kuti asamasunge pasiwedi ya AD mu clouds.yaml.

Wofunsa:
Ndachotsa cron pa maseva awiri, ndatumiza makiyi, ndaika max_active_keys pa 5 ndipo md5sum tsopano ikufanana paliponse. Ma 401 asiya. Za AD ndiyamba ndi domain yoyesera yokhala ndi gulu limodzi la anthu a mu timu yathu.

Funso limodzi latsala akuluakulu: seva imene ikusintha makiyi ikazima usiku wa cron, kapena rsync ikalephera kufika pa controller imodzi, mumatani?

mlonda_wa_seva:
Ikazima palibe choopsa, makiyi angokhala osasintha tsiku limenelo. Choopsa ndi rsync kulephera kenako n'kusinthanso. Kulephera kamodzi controller yotsalirayo ipirira, chifukwa 0 wake ndi yemwe wakhala primary kwa anzake. Kachiwiri mubwerera ku ma 401 aja. Choncho script yanu iyambe yayerekeza md5sum pa maseva onse, ikapeza kusiyana isasinthe, ikutumizireni uthenga.